Chipande cha ku Fiyeta

Mukafika pachipatala cha kutsidya kwa Shire n'kufunsa za mayi Clementina Nampinga, ambiri akupukusirani mutu. Koma mungoti "amayi a chipande," ngakhale mlonda wa pageti akulozerani chitseko chobiriwira cha ku fiyeta, kumene amachitira maopaleshoni. Iwo si dokotala, si namwino. Sukulu adalekera Sitandade 7 kwawo ku Rivirivi, m'boma la Balaka. Papepala la ntchito adalembedwa kuti ndi wothandizira m'chipatala, ndiye kuti wokolopa, wochapa nsalu zamagazi, wophika zida m'chimphika chamagetsi, wokankha tolole ya odwala. Agwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo chaka chamawa akupuma.

Chipandecho n'chachitsulo, chotungira msuzi, chonga zimene mumaziona mumsika wa pa Ulongwe pakati pa masefa ndi mabeseni. Musaseke, inu. Mzimayi mimba ikakhala panjira osafika m'chiberekero, kanjirako kamaphulika ndipo magazi amatayikira m'kati, m'mimba momwemo. Kunja simuona ndi kadontho komwe, munthu akungoyera m'manja ndi m'zikope mpaka kutsirizika. Tsono ngati mufiliji ya ku labu mulibe magazi, ndipo masiku otere ndi ambiri, dokotala akang'amba amatunga magazi omwewo ndi chipande. Amawasefa pansalu zopyapyala zija amati gozi, kuwathira m'thumba, n'kumubwezera mwiniwake kudzera pamkono. Wotunga ndi dokotala, koma wosefa pachipatalapo ndi a Clementina. Madokotala abwera n'kupita, ena ndevu zisanamere n'komwe, koma aliyense amaphunzira msanga kuti amayiwa akati "awa ayi, agona," magazi amenewo sabwerera m'thupi mwa munthu. Amawadziwa ndi maso komanso ndi mphuno.

Ndi mayi wamfupi, wamapewa otakata, wosakonda zolankhulalankhula. Korona yawo imakhala m'thumba la yunifolomu, ndipo Misa ya Lamulungu saiphonya pokhapokha pakhale wodwala patebulo. Anamwino achitsikana amawaopa pang'ono, chifukwa ukasiya thonje lamagazi pansi amangokuyang'ana mpaka uwerame wekha. Anthu amaganiza kuti adalowa ntchitoyi chifukwa cha umphawi. Umphawi udalipo, sitikana, koma chidawakokera ku chitseko chobiriwiracho n'china.

Banja lawo ndi la Alomwe aja amene makolo awo adachoka ku Mozambiki wapansi kalekale, n'kudzapeza malo olima thonje m'mbali mwa Rivirivi. Ana adabadwa atatu. Woyamba ndi a Willard, mwamuna yekhayo, ndiye mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo onse. Kenako a Clementina, ndipo chitsirizira ndi Judith. M'chaka cha 1997 mayi awo adadwala chotupa cha m'mimba, n'kugonekedwa pachipatala chomwechi. Judith adali kamtsikana, adatsala kumudzi kuyang'anira mbuzi. Wodwazika matenda adali a Clementina, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu.

Dokotala wa nthawiyo adanena mosabisa kuti chotupacho atha kuchichotsa, koma sangang'ambe popanda magazi, ndipo mufiliji mudalibe. Achibale apereke. A Clementina adatambasula mkono wawo pomwepo, wa ku labu adangoyang'ana mimbayo n'kupukusa mutu. Adatumiza uthenga pa Ulongwe, pomwe a Willard ankagulitsa chimanga m'mbali mwa msewu, ndipo m'mawa mwake adafika panjinga, thukuta lili kamukamu. Adawabaya chala. Magazi awo adagwirizana ndi a mayi awo.

"Pitani mukamwe kaye tiyi mupeze mphamvu," adatero wa ku labu. "Mukabwera tichotsa paindi imodzi, tiyezenso ngati mulibe matenda, basi."

A Willard adavula chipewa chawo chakhaki, adachiika pabenchi ya pakhomo la labu kuti asungire malo, n'kutuluka pageti. A Clementina adakhala pambali pa chipewacho mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lachiwiri adakhalanso pomwepo. Akalowa m'wodi, mayi awo ankafunsa ndi timawu totha, "Willard wabwera?" Iwo ankayankha kuti akubwera, amayi, ali panjira. Tsiku lachitatu matenda adakula, dokotala adalibenso pogwira, adang'amba ndi dilipi ya madzi okha. Mayiwo sadadzuke.

Kwathu kuno mtembo usananyamuke kupita kumanda, mwini mbumba amaimirira pamaso pa mafumu, akumpingo ndi khamu lonse, n'kulongosola m'mene matenda adayendera. Mawu amenewo ndi amene anthu amapita nawo kwawo. A Willard adatulukira pamaliro, maso ali psuu, adaimirira n'kunena kuti: "Mayi athu kuchipatala adawathira magazi a munthu wosadziwika. Magaziwo adamenyana ndi awo, ndiye mwaonamu." Khamu lidang'ung'udza mwachisoni. A Clementina adamva mawuwo ali m'siwa pakati pa amayi anzawo, kudzera pazenera. Adayasamula kukamwa, koma mlongo angatsutse bwanji mwini mbumba, bokosi lili pakhomo, ansembe ali pampando? Adati adzafunsa maliro akatha. Maliro atatha kudabwera uchembere, adabereka mwana wawo Ganizani. Kenako kudabwera dzinja ndi ntchito zake. A Willard ankapewa maso awo, iwonso adayamba kupewa a achimwene awo, ndipo nkhaniyo idangokhala choncho.

Koma bodza la pamaliro silidakhale phee. Lidakula, n'kusanduka lamulo: mbumba ino sithiridwa magazi a eni. Judith adakula akulidziwa ngati m'mene amadziwira dzina lake, ndipo adaliphunzitsa ana ake. Mwina ndi a Willard omwe, polinena chaka ndi chaka, adafika polikhulupirira. Patapita zaka ziwiri, a Clementina atamva kuti pachipatala paja akufuna okolopa, adapita wapansi mpaka pamsewu, Ganizani ali kumbuyo. Mumtima mwawo ankati ngati pakamwa pawo palephera, manja awo achiteko kanthu.

Musaganize kuti a Willard ndi munthu woipa, iyayi. Ndi iwo adalera Judith, ndi iwo adaimira maukwati onse a pamudzipo, ndipo mwamuna wa a Clementina atamwalira ndi iwo adagwetsa mtengo wawo wa mbawa kuti papezeke matabwa a bokosi. Chaka chija kudabuka mphekesera za anamapopa, anyamata ena adabwera ndi miyala atamva kuti "mayi wa magazi uja" wafika kumudzi. A Willard adaima pakhomo chimanjamanja n'kunena kuti wofuna mlongo wawo ayambe waponda iwo, ndipo anyamatawo adabwerera. Zoterezi n'zimene zinkawatseka pakamwa a Clementina. Munthu wakuchitira zonsezi, ungamuvule bwanji pagulu? Chipewa chija adachiika pansi pa sutikesi yawo, ndipo ankachiona kamodzi pachaka akamayanika zovala za m'nyengo yozizira.

Ndiye linafika Lachiwiri lina la mwezi wa Juni, nthawi yothyola thonje. Dzuwa lili pamutu, a Clementina anali kupukuta tebulo la ku fiyeta pomwe anamva mateyala a tolole akulira m'khonde. Anasuzumira. Choyamba kuona anali mapazi afumbi ndi timaulusi ta thonje titakakamira kuchitenje. Kenako anakweza maso. Anali Madalo, mwana wa Judith, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri amene anali asanathe chaka pabanja. Milomo inali mbuu ngati wadya ufa.

"Amayi aakulu," ananong'ona Madalo, "m'mimbamu."

Mwamuna wake, Brighton, ankathamanga pambali pa tolole, mawu akumuthawa. M'mimba munayamba kupota Lamulungu, anatero. Anamwa panado, Lolemba anamwa mankhwala a zitsamba, lero anati ndikathyoleko pang'ono, n'kugwa pakati pa mizere. Kumwezi anali atadumpha kawiri. A Clementina atamva za Lamulungu anawerenga masiku pa zala.

Dokotala wa tsikulo anali a Walter, mnyamata wodekha wa magalasi. Anakweza chikope cha Madalo, anagogoda pamimba, analowetsa jakisoni n'kukoka, ndipo munadzaza magazi. Anamuitana Brighton n'kumuuza kuti mimba inakhala panjira, yaphulika, ayenera kung'amba tsopano lino. Brighton anasaina. Kenako a Walter anawerama pa wodwalayo.

"Achemwali, mwataya magazi ambiri. Mwayi wake, ku labu kuli paindi imodzi yogwirizana ndi anu. Tikuthirani, mwamva?"

Madalo anatsegula maso mwamantha. "Iyayi, adokotala. Magazi a eni iyayi. Agogo anafa nawo." Anapuma movutikira. "Funsani amalume. Chimene anene amalume."

Taonani m'mene zinthu zimakhalira! Masiku onse aja filiji imakhala pululu, lero lokha inali ndi magazi, ndipo wodwala ndi amene ankawakana. A Walter anatuluka, a Clementina ali pambuyo pawo. Pansi pa mtengo wa mango, pomwe odwazika matenda amakhala, panali a Willard ndi Judith, amene anatsatira ambulansi paminibasi. A Willard tsopano ndi nkhalamba ya imvi, yowongoka msana, ndipo anavala malaya oyera a manja aatali ndi chipewa chakuda. Anamvetsera zonse mwaulemu, chipewa chili m'manja.

"Kung'amba ng'ambani, adokotala," anatero. "Koma magazi a eni, mbumba yanga iyayi. Tidaika kale mmodzi."

Apa ndi pomwe a Clementina akanalankhula. M'malo mwake anagwada n'kunena kuti, "Achimwene, nanga ake omwe? Amene atayikira m'mimbamo. Timawatunga, kuwasefa, n'kumubwezera. Ndi ntchito yanga imeneyo."

A Willard anaganiza pang'ono. "Ake ndi ake," anatero. "Amenewo m'bwezereni."

Ndinene zoona, a Clementina anapumira m'mwamba, ndipo sikunali chifukwa cha Madalo yekha. Anakondwa kuti chipande chawapulumutsanso, kuti atha kudutsa tsiku limeneli osatsegula pakamwa. Pobwerera ku fiyeta anachita manyazi ndi kukondwa kumeneko.

A Walter anawafunsa ngati angathe kugwira ntchito pa mwana wawo yemwe. Anayankha kuti palibe wina wodziwa kusefa, ndipo zinali zoona. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, anavala jombo, chovala chobiriwira ndi magolovesi, anamasula kansalu komwe amakulungamo chipande chikatuluka m'chimphika. Anayala gozi kasanu ndi katatu pakamwa pa beseni, monga achitira zaka zonsezi. Kumutu kwa tebulo kunali a Jimu, ogoneka odwala, bambo wonenepa wokonda nthabwala, koma tsiku limeneli sanaseke. Madalo anagona, ndipo a Walter anang'amba.

Magazi anali tho m'mimba monse. Chipande choyamba chinabwera chofiira bwino, chachiwiri chimodzimodzi. A Clementina ankalandira, kusefa, kuthira m'thumba, milomo ikuyenda yokha ndi Tikuoneni Maria. Thumba limodzi linadzaza, a Jimu analikoleka pomwepo, ndipo magazi a Madalo anayamba kutsika m'kapaipi kubwerera kwa mwiniwake. Koma chipande chitapita pansi, chinayamba kubwera ndi zina. Anali magazi akuda, a mabumamabuma ngati chiwindi, a Lamulungu ndi Lolemba aja. Ochepa amene anadutsa pagozi anali bii, ndipo kafungo kake a Clementina anakamva ngakhale anali atatseka mphuno ndi kansalu.

A Walter anaima, chipande chili m'malere. "Amayi?"

Akanakhala mwana wa wina, a Clementina sakanachedwa ndi kuyankha komwe. Koma apa anayang'ana m'besenimo nthawi yaitali, akudzinyenga kuti mwina ndi kuwala kwa getsi, mwina akasefanso kachiwiri ayera. Akanangogwedeza mutu, thumba lachiwiri likanadzaza, ndipo sakanafunikanso kupita pansi pa mango paja. Ankadziwanso bwino lomwe chimene magazi ogona amachita m'thupi mwa munthu.

"Awa ayi," anatero. "Agona."

A Walter anapeza kanjira kophulikako, anakamanga, kutaya magazi kunaleka. Koma a Jimu sanachotse maso pa makina awo. Anagwira pakhosi pa Madalo, anafinya thumba la madzi, anagwiranso.

"Mtima ukuthamanga koma ulibe chopopa," anatero. "Thumba limodzi lija lachepa, ndipo madzi okha sangamunyamule. Adokotala, paindi ija ikufunika, apo ayi timutaya patebulo pompano."

"Mwini wake wakana ndi pakamwa pake, wasiya mawu kwa amalume ake," anayankha a Walter. "Ine manja anga ndi omangika." Anayang'ana a Clementina pamwamba pa magalasi. "Amayi, ndi achimwene anu. Ndikutseka pamimbapa. Muli ndi mphindi khumi, mwinanso sizikwana."

A Clementina anavula magolovesi okha. Anatuluka ndi jombo zomwezo, chovala chili ndi madontho a magazi a mwana wa mng'ono wawo, ndipo anthu m'khonde ankapatuka okha. Pansi pa mango panali anthu ambiri: amayi ena akusenda mtedza, ena akuchapa, abambo awiri akumvera wailesi. Judith atawaona anaimirira, manja ali kumutu. A Clementina anapita molunjika kwa a Willard n'kugwada pafumbi.

"Achimwene, tiyeni apo tilankhule awiri."

"Nenani pompano, achemwali. Mayi wa mwana ali apa, mwamuna wake ali apa. Palibe chobisa."

"Ndikupemphani, tiyeni apo."

"Ngati ndi za magazi zija, ndanena kale," anatero a Willard mokweza, kuti onse amve. "Inu mwakhalitsa kuno, mwazolowera za kuno. Koma ine ndidaika mayi anga chifukwa cha magazi amenewo, ndipo sindiikanso mdzukulu wawo. Mwaiwala kodi?"

Mpata a Willard anali atapatsidwa kawiri, Mulungu ndi mboni. A Clementina anadzuka pomwe anagwada paja, chinthu chimene anali asanachitepo polankhula ndi achimwene awo, ndipo anaimirira chiriri.

"Sindidaiwale," anatero. "Ndidalipo ndine. Amayi sadathiridwe magazi, achimwene. Ngakhale dontho limodzi. Adafa akudikira anu."

Wailesi ija wina anaitseka. Mtedza unaleka kulira m'lichero.

"Adakubayani chala, magazi anu adagwirizana. Adati kamweni tiyi. Mudasiya chipewa chanu chakhaki pabenchi ya ku labu, ine ndidakhala nacho masiku atatu. Amayi ankafunsa, Willard wabwera? Ine n'kumati ali panjira. Chipewacho chili m'sutikesi mwanga mpaka lero." Sanalekere pomwepo. "Ndidakhala chete pamaliro, ndakhala chete zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo tchimo limenelo ndi langa. Koma mwana uja akufa m'katimo chifukwa cha mawu amene mudanena inu, ine n'kuwalekerera. Sindikhalanso chete."

Judith anatembenuka pang'onopang'ono. "Achimwene," anatero ndi mawu aang'ono, "n'zoona?"

A Willard anayang'ana chipewa chakuda chimene chinali pabondo pawo. Anachitembenuza kamodzi, kawiri. Nkhope yawo inagwa, inakalamba pomwepo anthu akuona.

"Adati ayeza matenda," anatero potsiriza, osakweza maso. "Chaka chimenecho tidaika anzanga atatu a pa Ulongwe, onse kuwonda komweko. Ine ndinkagona komwe ankagona iwo. Ndidati andiuza kuti ndili nako kachilombo. Ndidafika pageti, miyendo idangopitirira yokha. Ndipo ndidalibe, achemwali. Ndidadzayezetsa patapita zaka khumi, ndidalibe."

"Zimenezo mudzatiuza," anatero a Clementina. "Pano ndikufuna mawu amodzi okha."

A Willard anadzuka. Anayenda m'khonde lonse lija mofulumira kuposa m'mene nkhalamba imayendera, Brighton ndi Judith ali pambuyo. Atafika pachitseko chobiriwira anamenya ndi chikhatho.

"Adokotala! Ndine malume wake. Mthireni. Chonde, mthireni mwanayo."

A Clementina anali atathamangira kale ku labu. Thumba linatuluka mufiliji lili zii, ndipo analilowetsa m'kati mwa chovala chawo, pachifuwa penipeni, kuti lifundeko panjira. Sankadziwa mwini magaziwo, kaya mwana wa sukulu, kaya msilikali, kaya mayi wina wa mumsika. A Jimu analilandira, anawerenga pepala lake kawiri mokweza, analikoleka n'kuyamba kufinya ndi manja onse awiri. A Clementina anaima kumapazi, atagwira chala chachikulu cha phazi la Madalo, chozizira ngati mwala wa kumtsinje. Anapemphera osadziwa kuti akunena chiyani.

Thumba litafika pakati, a Jimu anagwira pakhosi paja. Anadikira. Anagwiranso, kenako anatulutsa mpweya wautali.

"Wabwerera," anatero. "Amayi, mwana wanu ndi wamakani ngati inu nomwe."

Ntchito sidikira misozi. Madalo atapita kuwodi, a Clementina anakolopa pansi, ananyika nsalu, anataya magazi akuda aja, anatsuka chipande ndi burashi mpaka m'mphako ya chigwiriro, n'kuchikulunga kuti chikalowe m'chimphika. Manja awo ankagwira okha. Mumtima munalibe chimwemwe chimene ankayembekezera. Anali atapulumutsa mwana, inde, koma analinso atavula achimwene awo pamaso pa mkamwini, mng'ono ndi anthu osawadziwa, ndipo nkhaniyo ikafika ku Rivirivi iwo asanafike. Anali okwiya ndi a Willard, okwiya ndi iwo eni, ndipo pansi pa mkwiyowo panali chisoni.

Pachipatalapo, paindi ikatuluka mufiliji achibale amapemphedwa kubwezera ina, kuti wobwera mawa adzapezenso. Brighton anapita, anagona pakabedi n'kupereka, nkhope atayang'anitsa kukhoma. Atatuluka iye, analowa a Willard. Palibe anawatuma. Anakhala pampando, anamasula batani, anapinda dzanja la malaya mpaka paphewa n'kutambasula mkono. Mtsikana wa ku labu anatenga cholembera.

"Munabadwa chaka chanji, agogo?"

"1956."

Mtsikanayo anawerengera, n'kuika cholembera pansi. "Pepani agogo, zaka zanu zapitirira. Timalekezera pa sikisite faifi."

"Mwana wanga, ine ndimalima ndekha maekala awiri. Tagwirani mkonowu. Chotsani, ngakhale theka."

"Sindingathe, agogo. Mungadwale nazo. Koma zikomo kwambiri chifukwa cha mtima wanu wabwino."

Sankadziwa kanthu mwanayo, ankangonena mwaulemu. Koma mawu amenewo anawalasa a Willard kuposa onse a pansi pa mango.

Cha m'ma folo koloko, a Clementina akuchokera kuwodi, anawapeza pabenchi ya pakhomo la labu. Benchiyo ndi ina, yachitsulo, koma malo ake ndi omwe aja. Anakhala okha, chipewa chili pambali, dzanja la malaya likadali lopinda mpaka paphewa, mkono wowonda uli pabondo chagada. A Clementina anaima kanthawi, kenako anakhala pambali pawo.

"Andikana, achemwali," anatero a Willard.

"Ndamva."

"Akuti ndakalamba." Anayang'ana mkonowo. "Nthawi ija magazi angawa ankawafuna. Lero ndabwera nawo ndekha, akuti iyayi."

A Clementina sanafune kuwatonthoza ndi bodza. Ananama mokwanira. Anangogwira dzanja la malaya lija, analitsitsa pang'onopang'ono mpaka pamkono, n'kumanga batani lake.

"Madalo wadzuka," anatero. "Waona thumba lofiira pamwamba pake, akulira. Akuti afa ngati agogo ake. Ndamuuza ine, sakundimva. Mayi ake amuuza, sakuwamva. Akuti abwere amalume anene okha."

A Willard anatseka maso. "Ndikamuuze chiyani?"

"Zimene mukanatiuza pamaliro."

A Clementina anayamba kuyang'ana kugeti, komwe minibasi zinkaitanira anthu a ku Balaka. Kuchokera pabenchipo, geti ndi wodi ya amayi zili mtunda wofanana. Kenako nkhalambayo inagwira bondo, inadzuka, n'kutembenukira kuwodi. Itayenda mapazi angapo, a Clementina anaona chimene chatsala pabenchi.

"Achimwene," anaitana. "Chipewa chanu. Ine sindisunganso china."

A Willard anabwerera, anachilandira ndi manja awiri, ndipo analowa nacho m'wodi chili pachifuwa.